Ma Revolver Akale ndi Ma Pistol a Pulasitiki: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri anthu akayamba kucheza za mfuti zing'onozing'ono zogwira ndi dzanja limodzi, kaya ndi pakhonde la sitolo m'tauni ya Mangochi kapena pakati pa apolisi ndi asilikali opuma pantchito. Ambiri mwa ofunsawo sanagwirepo mfuti ndipo alibe maganizo ogula. Chimene amafuna ndi kumvetsa chifukwa chake anthu ena amayamikira revolver yakale ngati chuma chamtengo wapatali, pamene apolisi ndi asilikali a m'mayiko ambiri anaisiya kalekale. Tsambali likufotokoza mbiri ndi kapangidwe ka zida zimenezi, osati kawomberedwe kake.

Kodi revolver n'chiyani, ndipo imasiyana bwanji ndi pistol?

Revolver ndi mfuti yaing'ono imene zipolopolo zake zimakhala m'silinda, chitsulo chobulungira chokhala ndi mabowo 5 kapena 6, ndipo mitundu ina imakhala ndi mabowo oposa pamenepa. Bowo lililonse limalandira chipolopolo chimodzi. Munthu akafuna kuwombera, silindayo imazungulira pang'ono n'kuima pamene bowo lotsatira layang'anizana ndi mpope wa mfutiyo, kenaka kanyundo kakumbuyo kamagwa n'kumenya chipolopolo. Mphamvu yonse yoyendetsa zitsulo zimenezi imachokera m'zala za mwini wake.

Pistol imene tikunena pano imasunga zipolopolo m'magazini, kabokosi kamene kamalowa kunsi kwa chogwirira. Ikawombera, mphamvu ya onga imakankhira m'mbuyo chitsulo chapamwamba chotchedwa slide, chimene chimataya khoko la chipolopolo chogwiritsidwa kale ntchito, ndipo sipuling'i ikamachibweza kutsogolo chimatenga chipolopolo china n'kuchilowetsa mumpope. Choncho pistol imadzikonzekeretsa yokha, pamene revolver imadikira dzanja la munthu. Kusiyana kwina konse kumene kukufotokozedwa m'mayankho otsatirawa kumachokera pamenepa.

Anthu akamati pistol ya pulasitiki, kodi mfuti yonseyo ndi pulasitiki?

Ayi. Pulasitiki imakhala pa thupi lam'munsi lokha, ndiko kuti chogwirira ndi fulemu imene zitsulo zina zimakhalapo. Mpope, slide, masipuling'i ndi tizitsulo ta m'kati ndi zachitsulo, chifukwa ndi zimene zimalimbana ndi moto ndi mphamvu ya onga. Ndiponso si pulasitiki ya ndowa za pamsika: ndi mtundu wolimba wa nayiloni umene umapirira kutentha, kuzizira, mafuta ndiponso kugwa.

Anayambitsa revolver ndani?

Mfuti zokhala ndi silinda yozungulira zinayesedwapo ku Ulaya zaka zambiri m'mbuyomo, koma munthu amene anaipanga kukhala chida chodalirika ndiponso chogulitsika ndi Samuel Colt wa ku America, amene analandira chiphaso choteteza luso lake m'chaka cha 1836. Fakitale yake yoyamba, ya ku Paterson m'chigawo cha New Jersey, inagwa patangopita zaka zochepa. Anadzadzukanso m'chaka cha 1847 pamene boma la America linaitanitsa mfuti yaikulu yotchedwa Colt Walker, ndipo pambuyo pake anamanga fakitale yotchuka ya ku Hartford.

Ma revolver oyambirirawo ankathiridwa onga ndi mpira wa mtovu m'bowo lililonse kuchokera kutsogolo kwa silinda, ntchito yochedwetsa imene sinkasiyana kwenikweni ndi kathiridwe ka mfuti za gogodela. Kusintha kwakukulu kunadza pamene kampani ya Horace Smith ndi Daniel Wesson, ya ku Springfield, inatulutsa Model 1 m'chaka cha 1857. Mfutiyi inali ndi mabowo obooleratu mpaka kumbuyo kwa silinda, malinga ndi luso la Rollin White, ndipo inkalandira chipolopolo chathunthu cha khoko lachitsulo, chokhala ndi onga wake m'kati. Revolver imene tikuidziwa lero inayambira pamenepo.

Nanga ma pistol a pulasitiki anayamba liti?

Ma pistol odzikonzekeretsa okha ndi akale kuposa mmene ambiri amaganizira, pakuti anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo Colt M1911 ya John Browning inali yachitsulo yokhayokha. Pistol yoyamba ya thupi la pulasitiki inali VP70 ya kampani ya ku Germany ya Heckler & Koch, imene inatuluka m'chaka cha 1970 koma sinayende malonda kwenikweni.

Amene anasintha zinthu ndi Gaston Glock wa ku Austria, munthu amene sanali mmisiri wa mfuti n'komwe. Kampani yake inkapanga zinthu monga ndodo zokolekera makatani ndi mipeni ya asilikali, ndipo ankadziwa bwino kuumba pulasitiki. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 gulu lankhondo la Austria linkafuna pistol yatsopano, ndipo mfuti yake ya Glock 17 inapambana mayeso m'chaka cha 1982, n'kugonjetsa makampani amene anali atapanga mfuti kwa mibadwo ingapo. Mwina kusazolowera miyambo ya amisiri a mfuti ndi kumene kunamuthandiza, chifukwa sanaone vuto lililonse kutaya matabwa okongola ndi zitsulo zopukutidwa. Glock anamwalira mu Disembala 2023 ali ndi zaka 94, mfuti zake zili m'chiuno mwa apolisi a m'mayiko ambiri.

Kodi ma revolver akukhudzana bwanji ndi mbiri ya kuno ku Mangochi?

Tauni yathu inayamba ngati linga la asilikali. Boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Harry Johnston, linamanga Fort Johnston m'chaka cha 1891 pafupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, ndi cholinga chotseka njira ya malonda a akapolo ndiponso kugonjetsa mafumu amphamvu a m'derali monga Mponda ndi Makanjira. Nkhondo zimenezo sizinali zamasewera: kaputeni Cecil Maguire, amene ankatsogolera asilikali ochokera ku India, anaphedwa mu Disembala 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira kugombe la kuvuma kwa nyanja, ndipo linga la Fort Maguire linatchedwa dzina lake.

M'nthawi imeneyo mfuti ya m'chiuno ya akuluakulu a asilikali a Britain inali revolver, ndipo imene gulu lawo lankhondo linavomereza kuyambira 1887 inali Webley, yopangidwa ku Birmingham. Pamene gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, mabataliyoni awiri oyambirira anali ochokera m'dziko muno. Asilikali wamba, agogo athu amene anakamenya nkhondo kum'mawa kwa Africa ndiponso ku Burma, ankanyamula mfuti zazitali, pamene revolver kawirikawiri inali ya wolamula. Choncho chinali chizindikiro cha udindo kuposa chida chopambanira nkhondo, ndipo n'chifukwa chake pazithunzi zakale mumaiona italendewera pa lamba wa mzungu, chingwe chake chitakolekedwa paphewa kapena m'khosi.

Aliyense woyamikira Webley kuno ayenera kunyamula mbiri yonseyo, osasankhamo zokoma zokha. Anthu amene ankaivala ndi amene anathetsa malonda a akapolo panyanja, komanso ndi omwewo amene anakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi kuzimitsa kuukira kwa John Chilembwe m'chaka cha 1915. Amene akufuna kuona chida cha nthawi imeneyo ndi maso apite pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene pali mzinga wa sitima ya Gwendolen, imene inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914. Umenewo ndi mzinga, osati revolver, koma kasulidwe ka chitsulo chake ndi ka m'badwo womwewo.

N'chiyani kwenikweni chimene anthu amakonda pa revolver yakale?

Choyamba n'chakuti revolver siibisa ntchito yake. Munthu akakoka kanyundo pang'onopang'ono amaona silinda ikuzungulira, amamva kachitsulo ka m'munsi kakulowa m'kamphako kake n'kuimitsa silindayo, ndipo amatha kutsatira ndi maso chimene chikuchititsa chinzake. Pa Colt Single Action Army yakale, kukoka kanyundo mpaka kumapeto kumatulutsa timaphokoso tinayi totsatizana, ndipo okonda mfutiyi amatizindikira ngakhale atatsinzina. Pistol ya masiku ano ilibe chilichonse chotere choonetsa, popeza zonse zimachitikira m'kati mwa slide mofulumira kuposa diso.

Chachiwiri ndi dzanja la mmisiri. M'mafakitale akale tizitsulo ta m'kati mwa revolver sitinkangolowetsedwa ngati mmene zilili lero. Mmisiri ankatenga kachitsulo kamene kamakankha silinda, n'kukapala ndi tupa pang'ono, n'kuyesa, n'kupalanso mpaka bowo lililonse liziima ndendende kutsogolo kwa mpope. Pa Smith & Wesson yabwino, chivundikiro cha m'mbali chimene chimabisa zitsulo za m'kati chimalumikizana ndi thupi la mfuti mwakuti mzere wake umaoneka ngati tsitsi limodzi. Ndiye pali mtundu wakuda wonyezimira mwabuluu umene anthu ambiri amaganiza kuti ndi penti. Si penti ayi: ndi dzimbiri lakuda lopangidwa dala ndi mankhwala pamwamba pa chitsulo, ndipo kuwala kwake kumadalira maola amene munthu anathera akupukuta chitsulocho asanachiviike. Chitsulo chopukutidwa mwaulesi chimatuluka chotuwa, pamene chopukutidwa moleza mtima chimatuluka ngati galasi.

Webley ili ndi kukongola kwake kwina, kumene sikuli kwa maonekedwe, chifukwa kunena zoona ndi mfuti yamakona ndiponso yolemera, yopitirira kilogalamu imodzi. Kukoma kwake kuli pa kutsegula. Chala chachikulu chikakanikiza kachitsulo ka kumanzere, mpope ndi silinda zimawerama kutsogolo, ndipo pakati pa silinda pamatuluka kachitsulo kooneka ngati nyenyezi kamene kamanyamula makoko onse 6 nthawi imodzi n'kuwataya, kenaka n'kubwerera m'malo mwake kokha. Munthu amene waonapo zimenezi kamodzi amamvetsa chifukwa chake amisiri amaziyamikira.

Chachitatu ndi kakalambidwe. Revolver imene yagwira ntchito imakhala ndi kamzere kozungulira silinda pamene kachitsulo koimitsa kamakhula, mtundu wake umayera kunsonga kwa mpope pamene chikwama chachikopa chinkakhudza, ndipo matabwa a chogwirira amasalala potsata chikhatho cha mwini wake. Zizindikiro zimenezi okonda zakale amaziwerenga ngati mbiri. Anthu a kunyanja kuno angamvetse msanga akaganizira boti la matabwa lokhomedwa ndi mmisiri wodziwika poyerekeza ndi boti la fayiba: la fayibalo ndi lopepuka, silivunda ndipo silifuna kumata kawirikawiri, koma palibe amene amaima pagombe kuti aliyang'anitsitse n'kufunsa amene analipanga.

Kodi single action ndi double action zikutanthauza chiyani?

Pa revolver ya single action, munthu ayenera kukoka kanyundo ndi chala chachikulu asanawombere chipolopolo chilichonse, ndipo kachitsulo kokoka ndi chala cholozera, trigger, kamangomasula kanyundoko. Pa double action, kukoka trigger kokha kumachita ntchito zonse: kumazungulitsa silinda, kumakweza kanyundo, kenaka kumakamasula. N'chifukwa chake trigger ya double action imakhala yolimba ndiponso yoyenda mtunda wautali, pafupifupi makilogalamu 5 a mphamvu ya chala, pamene ya single action imakhala yofewa, yosafika makilogalamu 2 pa mfuti zambiri. Trigger ya Glock ili pakati, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, ndipo imakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Odziwa mfuti amati ya Glock imagwira ntchito koma ilibe kukoma, ndipo pamenepa akunena zoona.

Ndi ma revolver ati amene amatchuka kwambiri pakati pa okonda zakale?

Colt Single Action Army ya 1873 ndi imene anthu amaiona m'mafilimu a anyamata oweta ng'ombe a ku America, ndipo inali mfuti ya gulu lankhondo la dzikolo. Smith & Wesson Military & Police inatuluka m'chaka cha 1899, inapatsidwa dzina la Model 10 m'chaka cha 1957, ndipo yapangidwa mamiliyoni angapo; kwa zaka zambiri inali mfuti ya wapolisi wamba m'mayiko osiyanasiyana. M'chaka cha 1935 kampani yomweyo inatulutsa revolver yoyamba ya chipolopolo champhamvu cha .357 Magnum. Kumbali ya Britain, Webley Mk VI ya 1915 ndi imene inadziwika pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo inalowedwa m'malo ndi Enfield No. 2 ya chipolopolo chocheperapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930.

Imene ambiri amaiika pamwamba pa zonse pankhani ya kukongola ndi Colt Python ya 1955, chifukwa cha kapukutidwe kake ndi kufewa kwa trigger yake. Ine ndimaona kuti Model 10 ndiyo yoyenera ulemu woposa, chifukwa Python inali ya anthu ochepa a ndalama, pamene Model 10 inasonyeza kuti chinthu cha tsiku ndi tsiku chingathenso kupangidwa mwaluso. A ku France nawonso ali ndi yawo, Manurhin MR73 ya 1973, imene inapangidwira apolisi apadera ndipo imadziwika ndi kulimba kwa chitsulo chake.

Ngati revolver ndi yabwino chotero, n'chifukwa chiyani apolisi ndi asilikali anaisiya?

Chifukwa monga chida cha pantchito inagonja, ndipo okonda revolver amene amakana zimenezi amadzinamiza. Model 10 imanyamula zipolopolo 6 ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Glock 17 imanyamula zipolopolo 17 za 9mm ndipo yopanda zipolopolo imalemera pafupifupi magalamu 700. Kusintha magazini kumatenga kanthawi kochepa kwambiri poyerekeza ndi kudzaza silinda. Ku America kusinthaku kunafulumira m'zaka za m'ma 1980, makamaka pambuyo pa kuwomberana kwa ku Miami m'chaka cha 1986 kumene apolisi awiri a FBI anaphedwa, ndipo nthambi zambiri za apolisi zinayamba kuunikanso zida zawo.

Koma chifukwa chachikulu, chimene sichitchulidwa kawirikawiri pamacheza, ndi cha ndalama ndi kakonzedwe. Glock ili ndi tizigawo topitirira pang'ono 30, ndipo kachigawo kochokera mu mfuti ina ya mtundu womwewo kamalowa popanda kupala. Thupi lake limaumbidwa m'chikombole m'kanthawi kochepa. Wapolisi wophunzitsidwa kwa masiku ochepa angathe kukonza mfuti za siteshoni yonse, pamene revolver ikasokonekera m'kati imafuna mmisiri weniweni, ndipo amisiri otere akucheperachepera. Boma logula mfuti zikwizikwi limayang'ana zimenezi, osati kuwala kwa chitsulo. Ngakhale gulu lankhondo la Britain, limene linagwiritsa ntchito Webley kwa zaka zambiri, linadutsa pa Browning Hi-Power yachitsulo n'kufika pa Glock 17 m'chaka cha 2013, ndipo la America linasankha SIG Sauer P320, nayonso ya thupi la pulasitiki, m'chaka cha 2017.

Kodi n'zoona kuti revolver siikakamira?

Ndi zoona pang'ono chabe. Chipolopolo chikakanika kuphulika mu revolver, silinda imangopita pa chotsatira, pamene pistol imaima chifukwa yasowa mphamvu yokankhira slide. Revolver siidaliranso magazini, amene ndi gwero la mavuto ambiri a pistol, ndipo ingathe kukhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito koma n'kukhalabe bwino.

Komabe revolver ili ndi zofooka zake. Silinda ili poyera, ndipo mchenga kapena zotsalira za onga zikalowa pansi pa kanyenyezi kotulutsa makoko, silindayo imatha kuuma osazungulira. Ikagwa pa simenti kachitsulo konyamula silinda kamatha kupindika. Ndiponso pakapita zaka tizitsulo topalidwa ndi manja tija timatha, ndipo mabowo amayamba kuima mophonya mpope pang'ono, vuto limene ndi loopsa ndipo silikonzedwa ndi munthu wamba. Mwachidule, pistol imakakamira kawirikawiriko koma mavuto ake amakhala aang'ono, pamene revolver imakakamira mwa apo ndi apo koma ikatero ntchito yaima. M'matope ndi mumchenga, ma pistol a masiku ano amapirira kuposa ma revolver ambiri.

Ndinamva kuti makina a pabwalo la ndege saona mfuti ya pulasitiki. Kodi n'zoona?

Ndi bodza limene linafala ku America pamene Glock inkafika kumeneko m'zaka za m'ma 1980, ndipo mantha ake anachititsa kuti dzikolo likhazikitse lamulo loletsa mfuti zosaoneka pa makina m'chaka cha 1988. Monga tafotokozera pa funso lachiwiri, gawo lalikulu la kulemera kwa mfutiyi ndi chitsulo, ndipo makina amaiona bwinobwino.

Nyengo yotentha ndi yachinyezi ya kunyanja kuno imakomera mtundu uti?

Imakomera pulasitiki, mosakayikira. Mtundu wabuluu wa revolver yakale ndi wopyapyala kwambiri ndipo umateteza chitsulo pokhapokha ngati pali mafuta pamwamba pake. M'mwezi wa Okutobala, pamene thukuta limatuluka munthu atangokhala pamthunzi, chala chimodzi chogwira chitsulo chotere chingasiye chidindo chofiira cha dzimbiri m'masiku ochepa, chooneka mizere yonse ya khungu. Chikwama chachikopa chimawonjezera vutoli chifukwa chimasunga chinyezi, ndipo ma revolver ambiri akale anawonongeka atasungidwa m'zikwama zawo zomwe. Matabwa a chogwirira nawonso amatupa m'dzinja n'kuuma m'chilimwe mpaka kung'ambika.

Thupi la pulasitiki silichita dzimbiri, ndipo slide ya Glock imalimbitsidwa ndi mankhwala amene amalowa m'kati mwa chitsulo, osati kungokhala pamwamba. Opanga ma revolver anayankha vutoli ndi chitsulo chosachita dzimbiri, kuyambira pa Smith & Wesson Model 60 ya 1965. Ma revolver otere ndi olimba m'nyengo ngati yathu, ngakhale kuti okonda zakale amadandaula kuti kuyera kwawo kulibe kuya kwa mtundu wabuluu uja.

Yotetezeka kwambiri ku ngozi ndi iti?

Ma revolver akale kwambiri ndi amene ali ndi chiopsezo chachikulu. Pa Colt Single Action Army yoyambirira, kanyundo kakagundidwa mfuti itagwa kankatha kuphulitsa chipolopolo chimene chili pansi pake, ndipo n'chifukwa chake anthu odziwa ankasiya bowo limodzi lopanda kanthu. Ma revolver a pambuyo pake anaikidwa kachitsulo kotchinga kanyundo, ndipo kampani ya Ruger inasintha ma single action ake m'chaka cha 1973 pofuna kuthetsa vuto lomweli.

Glock ili ndi zotetezera zitatu zogwira ntchito zokha zimene zimailetsa kuwombera ikagwa, koma ilibe batani lakunja lotsekera, ndipo trigger yake ndi yofewa kuposa ya revolver ya double action. Choncho imakhululukira kugwa koma siikhululukira chala chosasamala. Pa mitundu yonse iwiri, ngozi zambiri zimachokera kwa munthu amene ankaganiza kuti mfuti ilibe chipolopolo. Pistol imanyenga kwambiri pamenepa, chifukwa magazini angachotsedwe koma chipolopolo chimodzi n'kutsalira mumpope.

Kodi pistol ya pulasitiki ingakhalenso yokongola, kapena kudzakhala chuma cha okonda zakale?

Kukongola kwake n'kwa maganizo, osati kwa maso. Munthu amene amakonda kuona vuto lalikulu litathetsedwa ndi zinthu zochepa amapeza chosangalatsa mu Glock, ndipo luso lochotsa chilichonse chosafunika si laling'ono. Ma Glock a m'badwo woyamba ayamba kale kufunidwa ndi osonkhanitsa zakale chifukwa cha malo awo m'mbiri.

Komabe sindikhulupirira kuti adzafika pamene pali Python kapena Webley. Pulasitiki ikakalamba imangokalika ndi kutuwa, ndipo mfuti miliyoni zotuluka m'chikombole chimodzi sizisiyana ina ndi inzake. Chimene anthu amalipira pa revolver yakale ndi nthawi ya mmisiri amene anamwalira kale, ndipo chimenecho pistol ya masiku ano inapangidwa dala kuti isachifune.

Kodi ma revolver akupangidwabe?

Inde. Smith & Wesson, Ruger, Taurus ya ku Brazil ndi makampani ena akuwapangabe, ndipo Colt inabweretsanso Python m'chaka cha 2020 itaisiya kwa zaka zoposa khumi. Atsopanowa amadulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo ntchito ya manja ndi yochepa kuposa kale, zimene zachititsa kuti akale akwere mtengo m'malo motsika. Malire a mitundu iwiriyi nawonso asokonezeka pang'ono, pakuti Ruger LCR ya 2009 ndi revolver yokhala ndi gawo la thupi lapulasitiki. Amene amagula ma revolver lero ndi ochita masewera owombera chandamale, alenje ofuna chipolopolo champhamvu, ndi osonkhanitsa zakale.

Kodi munthu wamba angakhale ndi mfuti zoterezi m'Malawi muno?

Pokhapokha ali ndi chiphaso. Lamulo la Firearms Act la 1967 limaletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndipo ziphaso zimaperekedwa kudzera ku polisi pambuyo pofufuza wopemphayo ndi chifukwa chimene akufunira mfutiyo. 

Kukhwima kumeneku kuli ndi chifukwa chimene anthu a m'boma lino amachidziwa bwino. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inatha m'chaka cha 1992, mfuti zambiri zinalowa m'maboma a m'malire, ndipo zina zinathera m'manja mwa achifwamba. Mgwirizano wa mayiko a SADC woletsa kufala kwa mfuti unasainidwa mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2001. Kuyamikira mbiri ndi luso la zida zimenezi sikufuna kuti munthu akhale nazo, popeza mabuku, zithunzi ndi nyumba zosungiramo zakale zimapereka pafupifupi zonse zimene zafotokozedwa patsambali.

Tapeza revolver yakale m'bokosi la malemu agogo athu. Tichite chiyani?

Muitenge ngati ili ndi zipolopolo, ngakhale itaoneka yadzimbiri chotani. Musakoke trigger, musailoze kwa munthu, musalole ana kuiyandikira, ndipo musayese kuitsegula mokakamiza. Musayende nayo pa minibasi kapena pa kabaza kupita nayo ku polisi. M'malo mwake pitani nokha kapena tumizani uthenga, mwina kudzera kwa mfumu ya m'mudzi, kuti apolisi abwere adzaitenge. Chiphaso chimene malemu anali nacho chinali chawo, ndipo sichisanduka cha ana kapena adzukulu chifukwa cha chuma cha masiye.

Musayese kuiwombera ngakhale kamodzi. Mfuti za m'nthawi ya onga wakuda sizinapangidwire mphamvu ya zipolopolo za masiku ano, ndipo ma Webley ambiri anadulidwa kumbuyo kwa silinda kuti azilandira chipolopolo cha ku America cha .45 ACP, chimene chili ndi mphamvu yoposa imene chitsulo chawo chinapangidwira. Musaipalenso ndi sandipepa kapena sitiliwulu pofuna kuiyeretsa, chifukwa mukatero mumafufuta zilembo, manambala ndi zidindo za fakitale zimene zimasonyeza kumene inapangidwa ndi gulu limene inagwirako ntchito. Ngati banja likufuna kusunga chikumbutso, jambulani zithunzi za mbali zonse ziwiri pamene yagonapo, sungani mapepala, mamendulo ndi zithunzi zimene zinali m'bokosi lomwelo, ndipo funsani apolisi ngati pali njira yoti mfutiyo iperekedwe ku nthambi ya boma yosunga zinthu zakale m'malo moiwononga.